Ndege yomwe inasowa patatha zaka 20

Chiyambireni pa 14 Okutobala 2025, tsiku lomwe Windows 10 inasiya kulandira zigamba zachitetezo zaulere, anthu ambiri akhala akusamukira ku Windows 11, ndipo ena mwa amene akudandaula ndi okonda magemu akale. Gemu yomwe inkayenda bwinobwino pa Windows 98 kapena XP lero imatha kukana kutseguka, kuthamanga mopenga, kapena kungoima pakati popanda chifukwa chooneka.

Zina mwa zifukwa zake n'zodziwika kale. Magemu ena a m'ma 1980 ankayeza nthawi potengera liwiro la purosesa ya 4.77 MHz, moti pa makina a lero mdani amakhala atakupha usanagwire n'komwe batani. Windows ya 64-bit sitsegula mapulogalamu a 16-bit, pomwe ma CD ambiri a m'ma 1990 kapulogalamu kolowetsera gemu m'kompyuta kanali ka mtundu umenewo. Loko wotchedwa SafeDisc, yemwe ankaikidwa pa CD poletsa kukopera, Windows 10 inamukana mu 2015, ndipo amene anagula CD yeniyeni ndi amene anatsala panja. Mavuto oterewa mankhwala ake alipo: mwachitsanzo, DOSBox, yomwe inatuluka mu 2002, imanamiza gemu kuti ikadali pa kompyuta yakale.

Ovuta zedi ndi matenda omwe gemu inabadwa nawo koma osaonekera. Kumapeto kwa 2024, osewera Grand Theft Auto: San Andreas, gemu ya 2004, anayamba kudandaula kuti kandege kotera pamadzi kotchedwa Skimmer kasowa pamalo pomwe kamakhala. Onse anali atangolandira Windows 11 ya mtundu wa 24H2. Amene anakakamiza kandegeko kuti kabwere anaponyedwa m'mwamba mamita okwana 1 wotsatidwa ndi maziro 31, mtunda woposa kukula kwa thambo lonse lomwe akatswiri amatha kuliona. Aliyense analoza chala Windows.

Katswiri wina yemwe amakonza magemu akale mwa kufuna kwake anafufuza mpaka anapeza gwero mu Epulo 2025, ndipo Windows inalibe mlandu. Gemuyi ili ndi fayilo yomwe galimoto, boti kapena ndege iliyonse ili ndi mzere wake wa manambala. Mu Vice City, gemu yomwe inatsogola, Skimmer inkawerengedwa ngati boti, ndipo boti silifuna manambala a matayala. Ataisandutsa ndege mu San Andreas, palibe anakumbukira kuwonjezera manambalawo. Gemu ikafika pamzerewo n'kupeza palibe, inkangotola zomwe zatsala mu memory kuchokera ku galimoto ya pamzere wapamwamba, ngati mwana wasukulu wokopera yankho lomwe kalasi ina yasiya pabolodi. Mwamwayi yankholo linkakhala 0.7, kukula kwa tayala koyenera ndithu. Kwa zaka 20 palibe chinkafufuta malo amenewo. Windows 24H2 inasintha pang'ono momwe imagwiritsira ntchito memory, n'kulembapo zake, gemu n'kuwerenga tayala la kukula kosaneneka. Kukonza kwake kunali kungolemba manambala anayi osowawo.

Apa n'kuti anthu akunja akukonza popanda source code, malemba enieni omwe opanga gemu analemba. Nawonso eni ake sikuti amakhala nayo nthawi zonse. Silent Hill HD Collection ya 2012 inamangidwa pa source code yosamalizidwa chifukwa yomaliza sinasungidwe, ndipo okonza anayamba kulimbana ndi zolakwika zomwe anzawo anali atathana nazo kalekale. Nkhungu ya mu Silent Hill 2, imodzi mwa magemu a m'menemo, inapepuka, malire a dziko la gemu n'kuonekera poyera.

Nkhungu yotereyi imautsa mkangano womwe sukutha: kodi wokonza gemu yakale achotse zomwe zinabwera chifukwa cha kuchepa mphamvu kwa makina, kapena azisiye? Mu Novembala 2021, pokumbukira zaka 20 za Grand Theft Auto III, magemu atatu a mtunduwu anatuluka atakonzedwanso. Mu San Andreas nkhungu ya patali inachotsedwa, poti makina a lero amajambula mtunda wonse mosavuta. Wosewera akakwera pamwamba ankaona mizinda itatu yonse nthawi imodzi, dziko lomwe linkaoneka lalikulu n'kusanduka kachilumba. Zithunzi zinakulitsidwa ndi makina, zikwangwani zina n'kutuluka ndi mawu olakwika, ndipo nati ya makona 6 ya pa chikwangwani china inasalazidwa kukhala yozungulira, nthabwala yake n'kufera pomwepo. Nyimbo zina zinalibemo.

A mbali ina amati wosewera wa lero sangapirire zithunzi zosaoneka bwino ndi mabatani ovuta, ndipo gemu yomwe palibe akuigula imafa basi. Mfundoyi ili ndi mutu. Koma ena amayankha kuti ojambula a nthawiyo ankadziwa malire a makina awo ndipo ankajambula mogwirizana nawo, choncho nkhungu inasiya kukhala chophimba chabe, inakhala mbali ya ntchitoyo. Chomwe chinapsetsa mtima kwambiri n'chakuti magemu oyambirira anachotsedwa pamsika atsopanowo asanatuluke. Kukonza kolakwika kumapiririka ngati choyambirira chikupezeka. Chikachotsedwa, wogula alibe pothawira. Madandaulo atachuluka, oyambirirawo anabwezedwa pa PC, ndipo mu Novembala 2024 kuwala ndi nkhungu zakale zinabwezeretsedwa mu atsopanowo. Nkhawayi si yachabe: kafukufuku wa mu 2023 anapeza kuti magemu 87 pa 100 aliwonse omwe anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010 sakugulitsidwanso.

Pali zinanso zomwe ngakhale source code yathunthu singapulumutse, chifukwa vuto lili kunja kwa kompyuta. Mfuti ya pulasitiki ya gemu ya Duck Hunt inkadalira kuti TV yachitumbo imaonetsa chithunzi nthawi yomweyo chikangotumizidwa. TV zopyapyala za lero zimachedwa pang'ono, kuchedwa komwe diso silingakuone, koma kokwanira kuti mfutiyo iphonye bakha aliyense. Ndiye chifukwa chake TV zolemera zija, zomwe ambiri anazitaya, osewera ena ayambanso kuzisakasaka.