Kodi Antivayirasi Yabwino pa Kompyuta ya Pakhomo ndi Iti?

Kudatsala masiku asanu kuti mwana wathu woyamba akapereke lipoti la kafukufuku wake ku koleji. Adalilemba kwa miyezi inayi, kwina kusukulu, kwina pa laputopu ya pakhomo, ndipo lonse lidali mu fulashi imodzi. Tsiku lina adapita nayo m'tauni kukasindikiza pa kashopu kena. Atabwerako adailowetsa mu laputopu kuti akonze tsamba limodzi, koma adapeza mafoda ake onse atasanduka timashotikati tokhala ndi kamuvi pakona. Adayesa kutitsegula, lipoti osaoneka. Pofika m'mawa, fulashi iliyonse yomwe tidalowetsa mu laputopuyo inkatuluka ndi matenda omwewo. Mitima idatithawa, chifukwa m'laputopu momwemo timasungamo maakaunti a kagolosale kathu ndi zithunzi za banja za zaka zambiri.

Chodabwitsa n'chakuti laputopuyo idali ndi antivayirasi, yomwe adatiikira amene adatigulitsa. Mnyamata wokonza makompyuta ataiona adatiuza kuti layisensi yake idatha zaka ziwiri zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo idali isanalandire apudeti ngakhale imodzi. Mafayilo adawabweza, popeza vayirasi ya mtundu umenewo imangowabisa osawafufuta. Koma adatichenjeza kuti tapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, chifukwa pali mavayirasi ena omwe sabweza kanthu. Kuyambira tsiku limenelo tidayamba kufufuza za nkhaniyi, ndipo zomwe tidapeza zingathandize mabanja ena.

Mmene antivayirasi imagwirira ntchito

Antivayirasi ndi pulogalamu yomwe imasecha fayilo iliyonse yolowa mu kompyuta, kaya yachokera pa intaneti, pa imelo kapena pa fulashi. Imazindikira mdani m'njira ziwiri. Njira yoyamba, imakhala ndi mndandanda wa zizindikiro za mavayirasi odziwika kale, ndipo ikapeza fayilo yofanana ndi chimodzi mwa zizindikirozo imaitsekera payokha. Njira yachiwiri, imayang'ana khalidwe la pulogalamu iliyonse. Ikaona ina ikudzikopera yokha m'mafoda, kapena ikusintha mafayilo ambirimbiri nthawi imodzi, imaiimitsa ngakhale isakuidziwa dzina.

Popeza mavayirasi atsopano amatuluka tsiku ndi tsiku, mndandanda uja umafunika kuwonjezeredwa pafupipafupi. Ndicho chifukwa chake antivayirasi yomwe idasiya kulandira maapudeti imafanana ndi mankhwala otha mphamvu: botolo lilipo pa shelefu, koma silichiritsa.

Adaniwa ndi amitundumitundu. Ena amafala kudzera m'mafulashi, ngati yomwe idatigwira ife. Ena amabisala m'pulogalamu yooneka yabwinobwino, monga gemu kapena pulogalamu yoonera mafilimu. Ena amalemba mwakachetechete chilichonse chomwe mukutaipa, kuphatikizapo pasiwedi ya kubanki. Oopsa kwambiri ndi otchedwa ransomware, omwe amakiya mafayilo anu onse kenaka n'kufuna dipo kuti awatsegule. Mu Meyi 2017, ransomware yotchedwa WannaCry idagwira makompyuta m'maiko oposa 150, ndipo zipatala zambiri za boma ku Britain zidabweza odwala chifukwa makompyuta awo adali atakiyidwa. Zoterezi si za kutali kokha. Mu Febuluwale 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali adalowerera makompyuta osindikizira mapasipoti m'Malawi n'kumafuna dipo, ndipo anthu adakhala masabata angapo osalandira mapasipoti.

Yambani ndi yomwe muli nayo kale

Ambiri sitidziwa kuti kompyuta iliyonse ya Windows 10 kapena Windows 11 imabwera ndi antivayirasi yakeyake, yotchedwa Microsoft Defender. Ndi yaulere, layisensi yake siitha, ndipo imalandira maapudeti pamodzi ndi Windows. Kuti muione, dinani Start, lembani Windows Security, kenaka tsegulani Virus & threat protection. Pamenepo mudzaona ngati chitetezo chili choyaka, ndiponso tsiku lomwe idalandira apudeti yomaliza.

Koma dziwani ichi: mukaika antivayirasi ina, Defender imadzipatula n'kusiyira inayo udindo. Choncho musangoganiza kuti muli otetezedwa chifukwa mukuona kachizindikiro ka antivayirasi pakona pa sikirini. Tsegulani Windows Security muone kuti amene ali pa ulonda ndi ndani, ndipo ngati ndi pulogalamu yomwe idatha kale ntchito, ichotseni kuti Defender ibwerere pa malo pake.

Mverani oyesa, osati otsatsa

Kampani iliyonse imati antivayirasi yake ndiyo yopambana. Mwamwayi pali mabungwe oima paokha omwe ntchito yawo ndi kuyesa mapulogalamuwa. Odziwika kwambiri ndi AV-TEST ya ku Magdeburg m'dziko la Germany, ndi AV-Comparatives ya ku Innsbruck m'dziko la Austria. Zotsatira zawo amaziika pa intaneti ndipo aliyense angathe kuziwerenga kwaulere.

AV-TEST imayesa zinthu zitatu: mphamvu yoteteza, kupepuka kwa pulogalamu pa kompyuta, ndiponso ngati siimanamizira mafayilo abwino kuti ndi mavayirasi. Chilichonse chimakhala ndi mapointi 6, onse pamodzi 18. M'zaka zaposachedwapa Defender yakhala ikupeza mapointi ofanana kapena oyandikana ndi a maantivayirasi ogula monga Bitdefender, ESET, Norton ndi McAfee. Choncho kwa banja lomwe limagwiritsa ntchito kompyuta polemba, kuwerenga ndi kutumiza maimelo, Defender ndi yokwanira, bola ikhale yoyaka ndi yolandira maapudeti.

Pali mfundo imodzi m'mayeso a AV-Comparatives yomwe imatikhudza kwambiri ife amene timagula intaneti ya bandulo. Bungweli limayesa maantivayirasi kompyuta ili pa intaneti, kenaka n'kuwayesanso ili popanda intaneti. Defender imadalira kwambiri kufunsa makompyuta a Microsoft za fayilo yomwe yaikayikira, motero mphamvu yake yozindikira imatsika ndithu ikakhala popanda intaneti. Ena, monga Bitdefender ndi ESET, akhala akuchita bwino ngakhale popanda intaneti. Ngati kompyuta yanu imatha masiku isanalumikizidwe, koma imalandira mafulashi ochokera kusukulu, kuofesi ndi m'mashopu osindikizira, ichi ndi chifukwa chomveka choganizira antivayirasi ina. Komabe nayonso imafuna maapudeti, choncho patulani tsiku limodzi pa sabata loilumikiza.

Mafunso ofunsa musanasankhe

Kodi yachita bwanji m'mayeso? Musayang'ane mwezi umodzi wokha. Onani zotsatira za chaka chonse, chifukwa pulogalamu yodalirika ndi yomwe imakhala pamwamba nthawi ndi nthawi.

Kodi kompyuta yathu ingaisenze? Malaputopu ambiri m'makomo mwathu ndi ogula kwa ena, a zaka zingapo, okhala ndi RAM ya 4GB. Antivayirasi yodzaza ndi zowonjezera imachititsa kompyuta yotere kukwawa, ndipo mwiniwake akatopa amangoizimitsa. Makampani ambiri amalola kuyesa pulogalamu yawo kwaulere kwa masiku 30. Iyeseni kaye musanalipire.

Kodi tikulipira chiyani kwenikweni? Nthawi zambiri yaulere ndi yogula ya kampani imodzi zimazindikira mavayirasi mofanana. Ndalama zimagula zowonjezera, monga zoyang'anira zomwe ana akuona pa intaneti, chosungira mapasiwedi, ndi layisensi imodzi yokwanira makompyuta ndi mafoni angapo. Ngati simuzifuna, musazigule. Samalaninso kuti mtengo wa chaka choyamba umakhala wotsitsidwa, ndipo chaka chikatha ambiri amadula okha ndalama pa khadi lanu la kubanki, pa mtengo wokwerapo komanso m'madola. Mukalipira, funafunani pomwe angazimitsire zodula zokhazo.

Kodi kampaniyo imatani ndi zinsinsi zathu? Antivayirasi imaona chilichonse chomwe chili mu kompyuta, choncho tiyenera kudziwa amene tamupatsa makiyi a nyumba. Mu 2024, bungwe la boma la America loteteza ogula, la FTC, lidalamula kampani ya Avast kulipira madola 16.5 miliyoni chifukwa chogulitsa mbiri ya masamba omwe makasitomala ake ankatsegula pa intaneti. Chaka chomwecho boma la America lidaletsa kugulitsa Kaspersky m'dzikolo ponena kuti likuopa ubale wa kampaniyo ndi boma la Russia, ngakhale kampaniyo imakana zimenezo ndipo m'maiko ena ikugulitsidwabe. Muyenera kudziwa zoterezi posankha.

Misampha itatu

Msampha woyamba ndi antivayirasi yobedwa. Okonza makompyuta ena amakuikirani pulogalamu yogula yomwe aithyola kuti izigwira ntchito osalipira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mapulogalamu othyoledwa ndi imodzi mwa njira zomwe akuba amalowetsera mavayirasi, ndipo kawirikawiri salandira maapudeti. Yaulere koma yeniyeni imaposa yodula yobedwa. Tengani antivayirasi pa webusaiti ya kampani yomwe idaipanga, osati pa fulashi ya mnzanu.

Wachiwiri ndi kuika maantivayirasi awiri akuluakulu poganiza kuti chitetezo chiwirikiza. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Amalimbirana fayilo imodzi, amachedwetsa kompyuta, ndipo nthawi zina amatsekerezana. Mapulogalamu monga Smadav ya ku Indonesia, yomwe ambiri amaikonda poyeretsa mafulashi, kapena Malwarebytes yaulere, ndi othandizira chabe. Angathe kukhala pambali pa antivayirasi yaikulu, koma sangalowe m'malo mwake.

Wachitatu ndi uthenga woopseza womwe umatulukira mwadzidzidzi muli pa intaneti, wonena kuti kompyuta yanu yagwidwa ndi mavayirasi ambiri ndipo mudine pano kapena muimbe nambala yakuti. Webusaiti singathe kusecha kompyuta yanu mwa njira imeneyo. Tsekani tsambalo osadina kanthu, ndipo phunzitsani ana ndi agogo m'nyumbamo kuchita chimodzimodzi.

Zomwe antivayirasi singakuchitireni

Monga momwe katemera salowera m'malo mwa kusamba m'manja, antivayirasi nayo siilowa m'malo mwa zizolowezi zabwino. WannaCry idalowera pa mpata wa mu Windows womwe Microsoft idali itatseka kale mu Malichi 2017, ndipo ambiri omwe adagwidwa ndi amene adali asanalandire apudeti imeneyo. Choncho musamazengereze maapudeti a Windows pofuna kusunga bandulo. Dziwaninso kuti Windows 7 idasiya kulandira maapudeti a chitetezo mu Januwale 2020, ndipo thandizo la nthawi zonse la Windows 10 lidatha pa 14 Okutobala 2025. Palibe antivayirasi yomwe ingatseke mipata yonse ya Windows yomwe eni ake adaisiya.

Antivayirasi singakuletseninso kupereka nokha pasiwedi kwa munthu amene wakutumizirani uthenga wonamizira kuti ndi wa kubanki. Banki siifunsa pasiwedi kapena PIN pa imelo kapena pa foni.

Ngati ana amagwiritsa ntchito kompyuta yomweyo, atsegulireni akaunti yawoyawo ya mtundu wa Standard, ndipo ya Administrator ikhale ya makolo. Mukatero, mapulogalamu ambiri sangaikidwe popanda pasiwedi yanu. Fulashi iliyonse yochokera kunja, isecheni musanaitsegule: dinani batani lakumanja la mausi pa dzina lake n'kusankha Scan. Ikakhala ndi mashotikati pomwe padali mafoda, musawadine, chifukwa kudinako ndiko kumadzutsa vayirasiyo.

Choposa zonse, sungani mafayilo ofunika m'malo oposa amodzi. Akatswiri amalangiza makope atatu: limodzi mu kompyuta, lina pa hadi disiki kapena fulashi yomwe mumaichotsa mukamaliza kukopera, ndipo lachitatu kutali ndi nyumba, monga pa Google Drive kapena OneDrive. Ransomware imakiyanso disiki yomwe yangosiyidwa yolumikizidwa, n'chifukwa chake kuichotsa n'kofunika. Zikakuonekerani, musathamangire kulipira dipo, chifukwa palibe chitsimikizo chakuti akubawo adzatsegula mafayilo anu. Chotsani kompyutayo pa intaneti n'kupita nayo kwa katswiri. Webusaiti ya No More Ransom, yomwe apolisi a Europol ndi anzawo adaikhazikitsa mu 2016, ili ndi zida zaulere zotsegulira mafayilo okiyidwa ndi mitundu ina ya ransomware.

Zomwe tidachita kwathu

Tidachotsa antivayirasi yakufa ija, Defender n'kuyambanso ntchito, kenaka tidasecha laputopu yonse ndi mafulashi onse a m'nyumba. Popeza laputopu yathu imakhala pa intaneti pafupifupi tsiku lililonse, sitidagule antivayirasi ina. Ndalama zomwe tikadalipira layisensi tidagulira hadi disiki, ndipo Lamulungu lililonse madzulo timakoperamo maakaunti a golosale, ntchito za ana ndi zithunzi, kenaka n'kuitsekera m'kabati. Mchimwene wathu, yemwe kompyuta yake imakhala kumudzi kumene netiweki imavuta ndipo aphunzitsi anzake amabwera ndi mafulashi tsiku lililonse, tidamulangiza kutenga ina yomwe imachita bwino popanda intaneti, ndi kumailumikiza akabwera kuboma.

Lipoti lija lidaperekedwa pa tsiku lake. Masiku ano mwana wathu akamapita kukasindikiza amatenga fulashi yopanda china chilichonse koma fayilo yokasindikizayo, ndipo akabwerako amayamba waisecha asanaitsegule.