Msonkho wa utsi tikulipira, nanga mpweya wabwino uli kuti?

Ife amene timagulitsa matimati ndi mbatata m'mbali mwa msewu wa Great East tikuidziwa bwino nkhani iyi. Thilaki yodzaza katundu ikayamba kukwera citunda imalavula utsi wakuda bii, ndipo utsiwo umatsalira pa malonda athu, pa zovala ndi m'zifuwa mwathu. Tikapita kukagulitsa ku msika wa Soweto mu Lusaka, timaswera pakati pa minibasi zimene injini zake sizizimitsidwa. Madzulo tikapukuta kumaso, kansalu kamada.

Ambiri timati ndi mmene tauni ilili. Koma bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti mpweya woipa, wa panja ndi wa m'nyumba momwe, umapha anthu pafupifupi 7 miliyoni caka ciliconse. Umabweretsa mphumu, cibayo ndi matenda a mtima, ndipo umayambira pa ana ndi okalamba.

Tisanadandaule, tiyambe tayamikira pamene boma lacita bwino. Akuluakulu akukumbukira kuti kale petulo anali kusakanizidwa ndi mtovu, cinthu comwe cija casautsa abale athu a ku Kabwe. Mtovu ukalowa m'magazi a mwana umaononga ubongo, mwana n'kumavutika kusukulu. M'zaka za m'ma 2000 Zambia pamodzi ndi maiko anzake a mu Africa analeka kugulitsa petulo wotere, ndipo mu 2021 dziko lomaliza, la Algeria, linalekanso. Mu 2023 paipi ya TAZAMA yocokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola inayamba kubweretsa dizilo wokhala ndi salfa wocepa. Salfa ndiye amene amapangitsa utsi kuwawa pakhosi ndi m'maso. Apa taona ndi maso athu kuti lamulo likagwiridwa mwamphamvu, mpweya umasintha.

Palinso zina. Eni magalimoto amalipira msonkho wa utsi molingana ndi kukula kwa injini. Mu 2011 nyumba ya malamulo inakhazikitsa bungwe la ZEMA, limene lili ndi mphamvu zoika malire a utsi umene fakitale kapena mgodi ungatulutse. Mu bajeti ya 2024 boma linacotsa msonkho wa kasitomu pa magalimoto, mabasi ndi njinga zamoto zoyendera magetsi.

Pa pepala zonsezi n'zabwino. Koma msonkho sukonza injini. Mwini minibasi akalipira, amabwerera pa msewu ndi utsi wake womwe uja. Galimoto ya magetsi nayo, mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke angaigule ndi ndalama ziti, ndipo angaichaje kuti ngati malaiti kulibe?

Funso limeneli likutifikitsa pa nkhani ya magetsi. Kwa zaka zambiri tinali ndi mwai, cifukwa magetsi athu oculuka amacokera ku madzi, ku Kariba, ku Kafue Gorge ndi ku Itezhi-Tezhi, kumene kulibe utsi. Cilala ca 2024 cinatitsegula maso. Mu February caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi, cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni citapserera. Madzi atacepa ku Kariba, madera ena anakhala opanda malaiti kwa maola 21 pa tsiku. Zigayo zinaima. M'matauni munalira majenereta a dizilo, ndipo mbaula zinayaka m'makomo amene kale anali kuphikira pa sitovu. Mitengo yathu ya kumudzi ndiyo inalipira.

Boma linafuna njira ziwiri. Yoyamba ndi malasha okumbidwa pansi. Ku Maamba, m'boma la Sinazongwe, kuli malo opangira magetsi ndi malasha amenewa, otulutsa mamegawati 300 kuyambira mu 2016, ndipo mu 2024 anayamba nchito yoonjezera ena 300. Yaciwiri ndi dzuwa: mu 2025 ku Chisamba kunatsegulidwa malo a sola a mamegawati 100. Sitinganene kuti malasha asiyidwe lero, pakuti mdima tinaulawa. Komabe tisaiwale kuti malasha akamapsa amatulutsa phulusa louluka ndi mpweya wa salfa, ndipo amene amayamba kuupuma ndi alimi anzathu okhala pafupi.

Zimene salfa amacita, funsani anthu a ku Kankoyo mu Mufulira. Kwa zaka zambiri anapuma utsi wa ng'anjo yosungunulira mkuwa, umene amaucha senta. Malata a nyumba anadyeka ndi dzimbiri, ndipo nthaka inakana ndiwo zamasamba. Pa 31 December 2013 mai amene anali District Commissioner wa Mufulira anagwa pa mapemphero olowera caka catsopano atapuma utsiwo, ndipo anamwalira. Mu 2020 khoti lalikulu la Supreme linatsimikiza kuti kampani ya Mopani inali ndi mlandu pa imfayo. Malamulo oteteza mpweya analipo nthawi yonseyo. Madzi akatayika saoleka.

Tsono pempho lathu ndi ili. ZEMA iziyeza mpweya wa ku Maamba ndi wa m'matauni athu kawirikawiri, ndi kulengeza zotsatira zake pa wailesi m'zinenero zathu, kuti mfumu ndi anthu ake adziwe cimene akupuma. RTSA, poyeza galimoto kuti ipatsidwe fitinesi, iziona utsi monga mmene imaonera mabuleki ndi matayala. Unduna wa za cuma utiuze poyera kuti msonkho wa utsi umabweretsa zingati pa caka ndipo zimagwira nchito yanji. Ngati gawo lake litathandiza makopaletivu kugula mapampu a sola, madimba athu angathiriridwe popanda dizilo.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Sitingaloze cala minibasi kwinaku tikutentha mapesi ndi chire mwezi wa August mpaka mudzi wonse kutsokomola. Mapesi akaolera m'munda ndi manyowa aulere. Mbaula tisailowetse m'nyumba yotseka mazenera, ngakhale kuzizire bwanji mu June. Amene tili ndi cigayo, thalakitala kapena kagalimoto, tizisintha oilo ndi mafyuluta pa nthawi yake, pakuti injini yofuka utsi imamwanso mafuta ambiri.

Nkhaniyi tiikambirane m'miphakati, m'makopaletivu ndi pa misonkhano ya mfumu. Kansala kapena phungu wathu akabwera, tisamufunse za feteleza ndi misewu zokha. Timufunsenso kuti mpweya wa m'dera lathu unayezedwa liti, ndipo anapezamo ciani.