Dontho la Inki

Makina ena osindikizira salemba ndi kukhudza pepala ai. Ali ndi timabowo topapatiza koposa tsitsi limodzi la munthu, ndipo m'menemo muturuka timadontho ta inki topanga zilembo. M'makina ambiri a Canon ndi Hewlett-Packard, kacitsulo katenthetsa inki kufikira icita thovu, ndipo thovulo likankhira dontho kunja.

Koma dontho labwino lifuna inki yoyenera. Ikalimba ngati uci, ikana kuturuka, ndipo pepala litsala loyera. Ikakhala yamadzimadzi kopambana, dontho lituruka ndi mcira. Mcirawo uduka nusanduka timadontho tina togwera pambali, todetsa zilembo.

Palinso mphamvu ina yokoka pamwamba pa madzi ngati khungu. Ndiyo iumba mame pa udzu m'mamawa. M'caka ca 1878 Lord Rayleigh wa ku England analongosola m'mene mphamvuyi idulira madzi otsika ngati cingwe, nakhala madontho. Mphamvuyi ikacepa, inki ingocuca pakamwa pa bowo.

Cifukwa cace opanga inki ayesa zonsezi mosamala, pakuti cilembo cimodzi cimangidwa ndi madontho ambiri.