Mmene Anthu a Buku Akale Ankaphunzitsira Ana Awo Chipembedzo

Tikuthokoza Allah amene watisungitsa ana ngati amana, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad (s.a.w.), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo olemekezeka, m'madera athu a Chileka ndi Lirangwe muli funso limene likuvutitsa makolo ndi aphunzitsi: kodi udindo wophunzitsa mwana chipembedzo uli m'manja mwa yani? Kholo likuti ndi wa mwalimu wa ku madrasa, pomwe mwalimuyo amakhala ndi mwana maola owerengeka chabe akaweruka ku pulayimale. Mbiri ya Ayuda akale ndi Akhristu oyambirira, amene Qur'an yolemekezeka ikuwatcha Anthu a Buku, ingatiunikire pa funsoli. Sitikuiwerenga kuti titengemo chikhulupiriro, koma kuti tione njira imene chipembedzo chimayendera kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana.

M'banja la Chiyuda

Chaputala 6 cha buku la Deuteronomo, limodzi mwa mabuku asanu amene Ayuda amawatcha Torah, chikusenzetsa kholo ntchito yophunzitsa mwana malamulo a Mulungu tsiku ndi tsiku. Mwana akangoyamba kulankhula, bambo ake ankamuloweza mawu otchedwa Shema, ovomereza kuti Mulungu ndi mmodzi. Pa chakudya cha usiku wa Pasaka mwana ndiye ankafunsa chifukwa chimene usikuwo ukusiyanirana ndi masiku ena, ndipo bambo ankayankha pofotokoza mmene Mneneri Musa (a.s.) anatulutsira ana a Israeli m'manja mwa Firauni. Motero mbiri ya mtundu wonse inkalowa mumtima wa mwana banja lili pa chakudya.

Buku la malamulo awo lotchedwa Mishnah, limene linasonkhanitsidwa cha m'ma 200 pambuyo pa kubadwa kwa Mneneri Isa (a.s.), linagawa maphunziro motsata msinkhu: zaka 5 kuwerenga malemba, zaka 10 kuphunzira malamulo apakamwa, zaka 13 kusenza malamulowo payekha. Buku lina, Talmud, linaonjezera kuti bambo ayeneranso kuphunzitsa mwana wake ntchito yamanja yoti adzadyere.

Nanga sukulu inabwera bwanji? Talmud ikufotokoza kuti poyamba mwana wokhala ndi bambo ndiye ankaphunzira, wamasiye n'kumatsala. Ndiye chifukwa chake mkulu wa ansembe Joshua ben Gamla, cha m'ma 64, analamula kuti m'mizinda yonse mukhale aphunzitsi olandira ana a zaka 6 kapena 7, ndipo pambuyo pake kunaikidwa malire a ana 25 kwa mphunzitsi mmodzi. Sukuluzi zinali za anyamata makamaka. Atsikana ankaphunzira kwa amayi awo. Taonani: sukulu inadza kudzatseka mpata umene umasiye unasiya. Aroma atagwetsa kachisi wa ku Jerusalem m'chaka cha 70, chipembedzocho sichinafe, popeza chinali chitazika kale mizu m'makomo ndi m'masunagoge.

Pakati pa Akhristu oyambirira

Akhristu oyamba analibe matchalitchi omangidwa. Ankasonkhana m'nyumba za anzawo. Makalata awo akale akutchula mnyamata Timoteo, amene anadziwa malemba kuyambira ali wakhanda, ndipo chikhulupiriro chake chinayambira mwa agogo ake aakazi a Loisi ndi amayi ake a Yunike. Ku Alexandria, katswiri wa malemba Origen ankalowezedwa ndime tsiku lililonse ndi bambo ake Leonides, amene anaphedwa chifukwa cha chipembedzo cha m'ma 202.

Kwa zaka mazana angapo Akhristu sanatsegule sukulu zawozawo za ana. Maphunziro a ubatizo, amene ankatha kutenga zaka zitatu, anali a akuluakulu olowa mumpingo. Ana awo ankapita ku sukulu wamba za Agiriki ndi Aroma, kumene ankawerenga ndakatulo zotamanda milungu yambirimbiri, choncho linga lawo linali kunyumba. John Chrysostom, mlaliki wa ku Antioch amene anamwalira mu 407, analemba kabuku kolangiza makolo kuti pa chakudya chamadzulo azifotokozera mwana nkhani ngati ya ana awiri a Adam, kenaka tsiku lina amuuze kuti aibwereze yekha. Sande sukulu imene timaiona kwa anansi athu ndi ya posachedwapa: inatchuka ndi Robert Raikes ku Gloucester, England, kuyambira mu 1780.

Kuno kwathu

Amishoni atafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876, anabwera ndi sukulu imene inalinso khomo lolowera mumpingo. Makolo ambiri achisilamu anakaniza ana awo kupitako poopa kuti asinthidwa chipembedzo ndi mayina, ndipo anawapereka kwa mashehe monga Sheikh Abdallah Mkwanda ndi Sheikh Thabit Ngaunje komanso ophunzira awo. Chisilamu chinasungika, koma tinatsalira m'mbuyo pa maphunziro a m'kalasi. Mu 1994 boma linachotsa fizi ku pulayimale; mu 2000 kunabuka mkangano pa silabasi ya maphunziro a zipembedzo m'sekondale; mu 2021 atsogoleri achisilamu ndi achikhristu anasainirana mgwirizano wolola hijabu m'sukulu za mishoni zothandizidwa ndi boma. Zonsezi n'zofunika, koma zikukhudza za kusukulu. Za pakhomo palibe unduna umene ungatikonzere.

Chiphunzitso chathu nachonso chikuloza komweko. Surat Luqman ikutionetsa bambo akulangiza yekha mwana wake za umodzi wa Allah, swala ndi kudzichepetsa. Surat Al-Baqarah ikusimba za Mneneri Yakub (a.s.) akufunsa ana ake, imfa itayandikira, za amene adzam'pembedze iye atapita. Mtumiki (s.a.w.) analamula makolo kuti aziuza ana kuswali akafika zaka 7.

Tikudziwa kuti ambiri mumalawira ku dimba, ku msika wa Lunzu kapena kukwera minibasi ya m'tauni, n'kubwera dzuwa litalowa. Komabe zinthu zitatu n'zotheka. Swalini Maghrib kapena Isha pamodzi ndi ana anu. Mukatha kudya nsima, mwana abwereze sura imene waphunzira tsikulo. Ngati inu simukuidziwa, phunzirani kwa iye, pakuti kutero si manyazi. Kumbukiraninso ana amasiye a m'mudzi mwanu, anyamata ndi atsikana omwe, ndipo thandizani mwalimu amene akuima m'malo mwa makolo awo. M'mera mpoyamba, anatero akuluakulu.

Tikupempha Allah kuti awongole ana athu, atikhululukire ife ndi makolo athu, ndipo makomo athu awachite kukhala malo okumbukiramo dzina Lake. Ameen.