Samu Yomwe Inazimitsa Ndege M'mwamba

Pa 23 Julaye 1983, ndege ya Air Canada ya mtundu wa Boeing 767 inali pa ulendo wochoka ku Montreal kupita ku Edmonton pamene mainjini ake onse awiri anazima ili m'mwamba. Mafuta anali atatha. Woyendetsa wake, Robert Pearson, anaiwongolera yopanda moto choncho mpaka kukatera pa bwalo lakale la asilikali ku Gimli. Palibe anamwalira.

Chimodzi mwa zoyambitsa ngoziyi chinali samu yomwe ana amaphunzira kusukulu. Ndegeyo inkayeza mafuta m'makilogalamu, pomwe ogwira ntchito anazolowera mapaundi. Ulendowo unkafuna makilogalamu 22,300. M'matanki munali malita 7,682, ndipo iwo anachulukitsa ndi 1.77, nambala yonena mapaundi a lita imodzi. Yankho la 13,597 analiyesa makilogalamu. Akanachulukitsa ndi 0.803, nambala yonena makilogalamu a lita imodzi, akanaona kuti munali makilogalamu 6,169 okha. Motero anathiramo mafuta operewera kwambiri.

Mphunzitsi amene amaumirira kuti mwana alembe muyeso pambali pa nambala iliyonse sakungovuta ayi, akumuteteza. Kilogalamu imodzi ndi pafupifupi mapaundi 2.2. Pofuna kudziwa mapaundi a thumba la chimanga la makilogalamu 50, mwana amalemba mapaundi 2.2 pamwamba, kilogalamu 1 pansi, n'kuchulukitsa ndi makilogalamu 50. Makilogalamu amafafanizana, n'kutsala mapaundi 110. Akatembenuza, amapeza 22.7, makilogalamu osafafanizika, ndipo cholakwacho amachiona yekha asanapereke kope kwa aphunzitsi.