Liwombo, Tsempho ndi Khunyu: Tiunikenso Zimene Tidamva Zokhudza Thupi Lathu

Ntchito imodzi imene imatigwera ife akatekisiti ndi kutsogolera mapemphero a maliro kumene Bambo Mfumu sadathe kufika. Maliro ambiri amene ndatsogolera ndi a ana aang'ono. Tikabwerako kumanda n'kukhala pansi pa mtengo, makutu anga amatola zonong'onezana. Wina amati, "Lidagwa liwombo." Wina amati, "Ameneyu adam'sempha ndi bambo wake." Sindidamvepo wina akufunsa kuti mwanayo adatsekula m'mimba masiku angati, kapena kuti ankadya chiyani.

Sindikulemba izi pofuna kunyoza makolo athu ayi. Iwo adali ndi maso akuthwa, ndipo zimene adaona n'zoona ndithu: liwombo limalowadi m'kati, mwana amatupadi, munthu amagwadi n'kutuluka thovu kukamwa. Chidawavuta ndi kufotokoza chifukwa chake, poti adalibe njira yoonera zam'kati mwa thupi. Tsono kufotokoza kolakwika kumatidyera zinthu ziwiri. Kumatidyera nthawi imene tikadathamangira nayo kuchipatala, ndiponso kumafuna munthu woti timuloze chala.

Liwombo

Mwana akamabadwa, mafupa a chigaza chake amakhala asanalumikizane. Zimatero kuti mutu uthe kudutsa bwino pobadwa, komanso kuti ubongo upeze malo okulira. Malo ofewa aja a pakati pamutu ndiye liwombo. Limatsekeka lokha, ndipo kwa ana ambiri limakhala litatsekeka asanakwanitse zaka ziwiri. Silifuna mankhwala alionse kuti litsekeke. Kugunda kumene timakuona pamenepo kumangotsatira kugunda kwa mtima.

Nanga limalowa m'kati chifukwa chiyani? Thupi la khanda, pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi, ndi madzi. Mwana akamatsekula m'mimba kapena kusanza, madziwo amatha msanga, ndipo zimenezi zimaonekera pamalo ofewa paja. Choncho liwombo lolowa si nthenda payokha. Likungotiuza kuti m'thupi mwa mwanayo madzi atha. Mukayang'anitsitsa mudzaonanso kuti maso alowa, kukamwa kwauma, akulira popanda misozi, sakukodza kawirikawiri, ndipo mukatsina khungu la pamimba silibwerera msanga. Kumata mankhwala akuda osakaniza ndi mafuta pa liwombo lotere kuli ngati kupaka matope masamba a mpiru wofota m'dimba m'malo mouthirira.

Choopsa china ndi mawu akuti mwana wotsekula m'mimba asamwe kanthu chifukwa kumwa kumawonjezera kutsekulako. Mawu amenewa atiikitsa ana ambiri. Mwana wotere ayenera kumwa koposa masiku onse. Mayi apitirize kuyamwitsa. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS m'lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, n'kumam'mwetsa pang'onopang'ono ndi supuni. Akasanza, dikirani mphindi khumi, muyambirenso. Kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu amaperekanso timapiritsi ta zinki toti amwe masiku 10 mpaka 14. Ngati mwana walefuka kwambiri, akukana kuyamwa, kapena m'chimbudzi muli magazi, musadikire kuti kuche.

Ena amapeputsa madzi amenewa chifukwa ndi otsika mtengo ndipo si jekeseni. Koma mu 1971, pa nthawi ya nkhondo ya ku Bangladesh, kolera idabuka m'misasa ya anthu othawa nkhondoyo ku India. Madiripi atatha, dokotala wina dzina lake Dilip Mahalanabis adayamba kumwetsa odwala madzi osakaniza ndi mchere ndi shuga. Kumene odwala pafupifupi 30 mwa 100 alionse ankamwalira, chiwerengerocho chidatsika kufika pa anayi okha kapenanso kucheperapo. Thanzi amene timam'nyozayu ndi mdzukulu wa madzi amenewo.

Pali liwombo lina losiyana ndi limeneli, lotupa n'kutundumukira kunja mwana ali phee, thupi likutentha. Limenelo likhoza kukhala chizindikiro cha matenda oumitsa khosi, ndipo lifunika chipatala tsiku lomwelo.

Tsempho

Apa ndiye pamene mabanja ambiri adapasukira. Mwana ayamba kutupa mapazi ndi nkhope, tsitsi lifiira n'kumathothoka, khungu lisupuka, sakufuna kusewera. Akuluakulu akhala pansi n'kugamula kuti wina mwa makolo adayenda njira zosayenera nthawi ya kudika, kapena kuti mayi wina ali kumwezi adathira mchere m'ndiwo. Kufunsana kuyamba, ankhoswe aitanidwa, masiku akupita, mwana ali chitupire.

Madokotala amaitcha nthenda imeneyi kwashiorkor. Adailongosola koyamba ndi dokotala wamkazi, Cicely Williams, amene ankagwira ntchito ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, m'zaka za 1933 ndi 1935. Dzinalo adalitenga m'chiyankhulo cha Ga cha komweko, ndipo limanena za nthenda imene imagwira mwana akachotsedwa kubere chifukwa kwabwera mng'ono wake. Taonani, n'chimodzimodzi chimene ife timati kutumbiza. Makolo athu adaona bwino kuti ana obadwa mothithikana ndiwo amatupa, ndipo mwambo wa kudika unkathandizadi kuti ana atalikirane. Koma chotupitsa mwanayo si kutentha kwa bambo kapena mchere wa mayi. Ndi chakudya chosakwanira, pamodzi ndi matenda obwerezabwereza monga kutsekula m'mimba, chikuku ndi malungo. Mwana wadzidzimutsidwa kubere, ndipo akungopatsidwa phala loyera la ufa woyera m'mawa, masana nsima ndi msuzi wokha.

Ine monga katekisiti sindinganene kuti chigololo n'chabwino. Ndi tchimo, ndipo chimapwetekadi ana: ndalama za ndiwo zimathera kunja, ndipo chikhoza kulowetsa m'nyumba kachirombo koyambitsa Edzi. Koma ngakhale bambo ataulula pamaso pa mudzi wonse, mapazi a mwana saphwa ndi kuululako.

Njira yoyesera ilipo ndipo sifuna sukulu. Dinikizani pamwamba pa mapazi onse awiri a mwana ndi zala zanu zazikulu, muwerenge mpaka katatu, muchotse. Pakatsala timaenje, pitani naye kuchipatala msanga. Kumeneko amapereka Chiponde, ndipo amene wafooka kwambiri amam'goneka n'kuyamba kum'patsa mkaka wapadera. Chipondecho ndi mankhwala a mwana wodwalayo, si chodyera mbatata banja lonse.

Palinso mawu akuti mayi akaima, mkaka wake wawonongeka ndipo mwana amene ali kubere akuyamwa mimba. Si zoona. Mkakawo ndi wabwinobwino, ndipo mayi wathanzi akhoza kupitiriza kuyamwitsa, bola iyenso adye mokwanira. Ndi momwemonso ndi mkaka woyamba wachikasu uja umene ena amaufinyira pansi kuti ndi wauve: umenewo ndiwo uli ndi chitetezo chambiri kwa khanda. Za mazira ndingonena mwachidule. Kwina amati mayi woyembekezera akadya dzira adzabereka mwana wopanda tsitsi, kwina amati mwana akadya dzira adzadwala khunyu. Ine ndaona kuti m'makomo mmene amakhulupirira zimenezi, mazirawo satayidwa. Amathera m'mbale ya abambo. Dzira limodzi, kapena nsinjiro, usipa wosinja, soya, ngakhale kasupuni ka mafuta ophikira m'phala, n'zimene zimam'tchinjiriza mwana ku kutupa.

Khunyu

Ndisanayambe ukatekisiti ndidaphunzitsako ku sukulu ya pulayimale. Tsiku lina mtsikana wa Sitandade 4 adagwa m'kalasi mwanga n'kuyamba kuphupha. Ana onse adathawa, ena kudzera pazenera. Ine mphunzitsi, amene ndidali nditaphunzira za thupi la munthu ku koleji, ndidaima pakhomo choko chili m'manja, mtima ukundiuza zimene ndidamva ndili mwana, kuti thovu lake likandikhudza kapena akaipsa mpweya ine n'kuupuma, nthendayo yandilowa. Adamenyetsa mutu pa desiki ine ndikuonerera. Patapita masabata owerengeka makolo a ana ena adayamba kudandaula, ndipo mtsikanayo adasiya sukulu. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Khunyu silipatsirana. Silidzera m'malovu, m'mkodzo, mumpweya, m'kudyera mbale imodzi kapena kugona mphasa imodzi. Ubongo wathu umagwira ntchito potumiza timauthenga tokhala ngati magetsi. Mwa munthu wa khunyu, nthawi zina timauthengato timabalalika kwa kanthawi, thupi n'kuyamba kugwedezeka lokha. Zoyambitsa zake n'zodziwika: kuvulala kwa ubongo pobadwa mayi akachedwa pochira, malungo aakulu ofika kuubongo, matenda oumitsa khosi, ngozi yovulaza mutu, ndiponso mazira a njoka zam'mimba zimene zimafala kumene nkhumba zimayendayenda ndipo anthu alibe zimbudzi. Kwa ena chifukwa chake sichipezeka. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi nthendayi, ndipo kuti mwa odwala khumi alionse, mpaka asanu ndi awiri akhoza kuleka kugwa atamamwa mankhwala moyenera. Mankhwala ake, monga phenobarbitone, amafunika kumwa tsiku ndi tsiku osadukiza. Kulekeza chifukwa choti papita miyezi osagwa n'kumene kumabwezeretsa nthendayo mwamphamvu.

Chimene chimapha ndi kulemaza anthu a khunyu nthawi zambiri si nthendayo, koma mantha athu. Munthu agwera pamoto, anthu ali chiimire poopa kum'gwira, mpaka dzanja lipsa. Wina agwera m'madzi osafika ndi m'mawondo omwe n'kumira anzake akuona. Pambuyo pake tiwonjezera bodza lina lakuti amene adapsapo sangachirenso, ndiye sitipita naye kuchipatala.

Munthu akagwa, m'chotseni pafupi ndi moto kapena madzi, ikani nsalu pansi pa mutu wake, ndipo kugwedezeka kukachepa mum'gonekere chammbali kuti malovu atuluke. Musam'panikize. Musaike supuni, kamtengo kapena chala m'kamwa mwake. Munthu sangameze lilime lake, koma supuniyo ikhoza kum'gulula mano. Musam'mwetse kanthu mpaka atatsitsimuka bwino. Kugwedezeka kukapitirira mphindi zisanu, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangirani kuchipatala. Mwana amene wakomoka thupi likutentha ayezedwe malungo tsiku lomwelo, osati kum'fukiza utsi. Ndipo m'Miphakati ndi m'Malimana mwathu tidzifunse ngati palibe mwana wina amene sabwera ku Tilitonse kapena kukwaya chifukwa tidam'sala mwanjira imeneyi.

Kumene bodza lafika popha

Zimene ndatchulazi zimapha mwa kuchedwetsa. Pali lina limene lapha ndi chikwanje. Kuyambira chakumapeto kwa 2014, m'dziko mwathu muno anthu achialubino akhala akubedwa, kuphedwa, ndipo manda awo akhala akufukulidwa, chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa zilango pa milandu imeneyi. Mu 2022 Khoti Lalikulu lidapeza anthu 12 olakwa pa milandu yokhudza imfa ya MacDonald Masambuka wa ku Machinga, amene adaphedwa mu 2018. Pakati pawo padali wapolisi, wogwira ntchito kuchipatala, ndiponso wansembe wa mpingo wathu womwe uno. Ndalemba zimenezi ndi mtima wolemera, koma n'kofunika kuti tisaganize kuti bodza limagwira osaphunzira okha kapena akunja okha.

Mafupa a munthu wachialubino ndi mafupa ngati anga ndi anu. Kusiyana kuli pa chinthu chimodzi: thupi lake limapanga pang'ono kwambiri, kapena silipanga konse, utoto wotchedwa melanini umene umadetsa khungu, tsitsi ndi maso. Mwana amabadwa wotere pokhapokha bambo ndi mayi onse awiri ali ndi mbewu yake m'magazi mwawo, ngakhale iwo eni ali akuda. Zikatero, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe wachialubino. Ndiye bambo amene amathawa mkazi wake pom'namizira kuti adayenda ndi mzungu, kapena kuti adaseka wachialubino ali woyembekezera, adziwe kuti theka la mbewuyo lidachokera kwa iye mwini. Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno. Sazimirira monga ena amanenera. Amadwala ndi kumwalira ngati wina aliyense.

Mdani weniweni wa thupi lawo ndi dzuwa, limene limawotcha khungu lopanda melanini mpaka kuyambitsa khansa ya pakhungu. Mwana wotere afunika chipewa chachikulu, malaya a manja aatali, ndi mafuta odzola oteteza ku dzuwa amene makolo ayenera kukafunsa kuchipatala. Chilonda chilichonse chosapola chikaonetsedwe msanga. Maso ake saona bwino patali, choncho aphunzitsi anzanga mum'khazike kutsogolo pafupi ndi bolodi, mulembe zilembo zazikulu, ndipo pa nthawi ya ntchito zapanja mum'patse ya pamthunzi. Poweruka asamayende yekha.