Ndani Alipira Ulendo wa Thumba la Chimanga?

Lero tili ku Minga, pakati pa Nyimba ndi Petauke, pafupi ndi msewu waukulu wa Great East Road. Tifuna kutsata thumba limodzi la chimanga kuchokera pankhokwe ya makolo anu kufikira ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 300. Thumba lilibe miyendo. Lifuna galimoto, mafuta, dalaivala ndi anthu olikweza. Tsono funso lathu ndi ili: ndani alipira zonsezi?

Agogo anu adzakuuzani kuti kale ankalipira ndi Boma. M'chaka cha 1969 Boma linakhazikitsa bungwe la NAMBOARD kuti lizigula chimanga ndi kugulitsa feteleza, ndipo kuno kum'mawa linkagwira ntchitoyi pamodzi ndi Eastern Cooperative Union. M'zaka za m'ma 1970 panadza lamulo lakuti mtengo wa thumba ukhale umodzi dziko lonse. Mlimi wa ku Minga ankalandira zofanana ndi mlimi wa ku Chisamba, amene munda wake uli pafupi ndi njanji. Kutauni nako Boma linkatsitsa mtengo wa ufa. Motero linkagula modula, kunyamula mtunda wautali, ndi kugulitsa motchipa. Ndalama zotsekera dzenjelo zinkachokera makamaka ku mkuwa.

Alimi akutali anapindula ndithu, ndipo ambiri anakulitsa minda yao ya chimanga. Koma tisakometsere nkhani. Malipiro ankachedwa, matumba ankasowa, ndipo zaka zina mvula inkapeza chimanga chili chiunjikire pamadepoti.

Mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, ndipo Boma linayamba kukongola kwambiri. Okongoza ndalama, monga bungwe la IMF, anati Boma lileke kulipirira ufa. M'mwezi wa December 1986 mtengo wa ufa woyera utakwezedwa, anthu a ku Copperbelt anachita ziwawa, ena nafa, ndipo Pulezidenti Kenneth Kaunda anabweza mtengo wakale. NAMBOARD inathetsedwa mu 1989. Mu June 1990 ufa unakweranso, ziwawa zinabuka mu Lusaka. Boma la Frederick Chiluba, limene linalowa mu 1991, linatsegula msika kwa aliyense wofuna kugula ndi kugulitsa. Uku ndiko kumasula malonda: Boma lichotsa dzanja lake pa mitengo, ogula ndi ogulitsa amvane okha.

Tsopano tengani mapensulo, tiwerengere pamodzi. Manambala awa ndi ongoyerekeza. Tinene kuti chigayo cha ku Lusaka chigula thumba pa K300. Wamalonda afika ku Minga ndi galimoto yake. Ulendo wa thumba limodzi umudyera K50, ndipo iye afuna phindu la K30. Adzampatsa zingati mlimi? Mwapeza K220. Tsono lingalirani mlimi wina wokhala kutali ndi msewu, kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho. Kuti wamalonda afike kumeneko aonongeranso K40. Mlimi ameneyu alandira K180 yokha, ngakhale analima ndi khasu lofanana ndi la mnzake. Mwaona kodi? Ulendo uja sunaleke kulipiridwa. Wolipira ndiye anasintha: tsopano ndi mlimi.

Palinso china choposa masamu. Pamene ogula ali asanu, amapikisana, ndipo mlimi angathe kukana mtengo woipa. Pamene wogula ndi mmodzi, ndiye mfumu ya sikelo. Mayi amene mwana wake wadwala m'mwezi wa May sangadikire mtengo wa December. Agulitsa lero lomwe. Komabe tiwachitire chilungamo amalondawa: amalipira pompo, chimene NAMBOARD kawirikawiri inkalephera.

Mukadutsa pa Nyimba, onani amayi ogulitsa nthochi pamabasi. Palibe ofesi imene imawaikira mtengo, koma malonda amayenda bwino, pakuti ogula ndi ambiri, ogulitsa ndi ambiri, ndipo msewu uli pomwepo. Ine ndiganiza kuti msika wotere Boma lingousiya. Chimanga n'chosiyana: chimakololedwa kamodzi pachaka, ndipo chikasowa anthu amagona ndi njala, monga zinachitikira pa chilala cha 1992.

N'chifukwa chake Boma linabwereranso pang'ono. Lamulo la 1995 linakhazikitsa Food Reserve Agency, kapena kuti FRA, kuti isunge chakudya cha dziko, ndipo pambuyo pake inayamba kugula chimanga chambiri m'madepoti akumidzi. Mu 2002, nthawi ya Levy Mwanawasa, feteleza wotsika mtengo anabwerera kwa alimi ang'onoang'ono. Dandaulo lakale la malipiro ochedwa linabwera nao limodzi. Ndalama zimenezinso ndi za msonkho. Zikapita ku feteleza, sizipita ku mlatho uja.

Aphunzitsi, jambulani pabolodi msewu wochokera kusukulu kwanu kufikira pa depoti yapafupi. Ana afunse kunyumba kuti chimanga cha chaka chatha anagulitsa kwa yani, pa mtengo wanji, ndipo ndalama anazilandira patapita masiku angati. Mulembe mayankhowo pamapu, aliyense pamalo pa mudzi wake.